Dzira Nambala Seveni

Iwe mnzanga, wafika? Kokera mpando pafupi, foni uyike pa chaja, ya leroyi ndi yaitali pang'ono. Ndipo ngati uli ndi kachibwenzi kobisa kuntchito, usandiyang'ane choncho, ine sindinatchule munthu.

Pakampani ina yopanga mapulogalamu a pakompyuta pali mtsikana amene anzake amamutcha Dinani. Ukukadziwa kabatani ka funso kamene kamakhala pakona, kamene umakadina ukasokonezeka n'kutuluka mawu okuuza chochita? Mawu amenewo sagwa kumwamba. Alipo munthu amakhala pansi n'kuwalemba, ndipo munthu wake ndi ameneyu. Dzinalo linabwera chifukwa tsamba lililonse limene walemba limayamba ndi “Dinani apa.” Tsiku lina bwana analephera kuyatsa ketulo yatsopano, ofesi yonse inayankhira pamodzi ngati kwaya, ndipo dzina linamatirira pomwepo.

Moyang'anizana ndi desiki yake pali bolodi yoyera yotenga khoma lonse, ndipo bolodiyo ili ndi mwini wake, Mivi. Mnyamata wamtali, wosayankhulayankhula, zala nthawi zonse zili buluu ndi inki ya maka. Ntchito yake ndi kujambula njira imene uthenga umayenda m'pulogalamu, Dinani asanalembe ngakhale liwu limodzi. Munthu, kaya wodwala kaya dokotala, amamujambula ngati bokosi. Ntchito iliyonse imene pulogalamu imagwira amaijambula mozungulira, ndipo kuofesiko amangoti mazira. Kenako mivi, yosonyeza kuti ichi chachoka apa, chalowa apo.

Malamulo awo anali awiri. La Mivi linali lakuti dzira limodzi, tsamba limodzi la chithandizo. La Dinani linali lakuti tsamba lililonse liziyima palokha. Osalemba kuti “monga tanenera kale,” osatchula dzina la munthu, chifukwa wowerenga amalowera khomo lililonse, ndipo tsambalo liyenera kuyankhula naye ngati padziko pano watsala yekha.

Pulogalamu imene ankakonza inali ya kachipatala kena. Pabolodi panali mazira kuyambira wani mpaka twelofu, koma seveni panalibe. Eni chipatala anasintha maganizo pa ntchito ina, Mivi anafufuta dziralo, koma tsamba lake lopanda kanthu linatsala m'kompyuta. Muvi wolowa panalibe, wotuluka panalibe. Nyumba yopanda njira yopitako.

M'menemo ndi mmene awiriwa ankalemberana makalata. Wina akawerenga ankafufuta n'kulemba yake, kuti pasatsale mapazi.

* * *

Lolemba m'mawa Dinani anafika ena asanabwere, anaponya kachikwama pansi pa desiki n'kutsegula seveni. Munali kalata ya Mivi.

“Dzulo ndinadutsa pamalo ogulitsa mipando. Ndinaona katebulo ka anthu awiri, mwendo umodzi waufupi. Ndinaganiza kuti inu mukanalemba tsamba lathunthu lofotokoza mmene munthu angapindire pepala n'kuliyika pansi pa mwendowo. Ndinaima pamenepo mpaka wogulitsa anandifunsa ngati ndikumva chizungulire.”

Anawerenga katatu. Kunja dzuwa linali likukwera pang'onopang'ono pamagalasi a nyumba yoyang'anizana nawo, ndipo Dinani anadziona ali m'kati mwa dzira lija. Khoma loyera lopanda ngodya, katebulo kopendama pakati, makapu awiri, tiyi atapendekera mbali imodzi. Kunja anthu onse akuthamanga pamivi yawo, osadziwa kuti muno muli anthu.

Anafufuta n'kulemba kuti: “Miyezi inayi tikulemberana, mpaka lero ‘inu’? Kodi ndine apongozi anu?”

Pofika teni koloko yankho linali litalowa. “Lamulo ndi lanu. Munati tsamba lizilemekeza aliyense wolitsegula.”

Anadzutsa mutu. Mivi anali pabolodi atamufulatira, akuwongola muvi umene unali wowongoka kale. Mapewa okha ndiwo ankamuulula kuti akuseka.

“Tsamba la kulembetsa wodwala limaseketsa chonchi?”

Ameneyo anali Sichikugwira, mtsikana woyesa mapulogalamu. Chilichonse chimene anzake apanga chimadutsa m'manja mwake chisanapite kwa eni ake, ndipo mawu amene amabweza nawo ndi omwewo amene anasanduka dzina lake. Ndi wokongola, tisanamizane, ndipo Dinani asanalembedwe ntchito ndi iyeyu amene ankapita ndi Mivi kukadya masana. Mivi ankaganiza kuti ankangodya. Sichikugwira ankaganiza zina.

“Ndangokumbukira zina,” anatero Dinani, akutseka tsamba mwachangu.

“Mm.” Sichikugwira anatsamira pa desiki n'kuyang'ana zikhadabo zake. “Ukudziwa asisi, ine amandilipira kuti ndizipeza zimene anthu akuganiza kuti zabisika.”

“Ndiye akuwonjezere malipiro.”

“Adzawonjezera.”

Anachoka, fungo la pafyumu linatsala likulondera desiki.

* * *

Koma Sichikugwira anali kachitsotso chabe. Chipika chenicheni chinali kunyumba.

Dinani amakhala ndi achemwali ake, namwino wamkulu pakachipatala komweko. Mayi awo anamwalira Dinani ali ndi zaka naini, ndipo achemwaliwo, ali mtsikana wongomaliza kumene kozi ya unamwino, ndiwo anamulera. Nthawi imeneyo panali bambo wina ankafuna kuwakwatira, koma anati mwanayo apite kwa achibale. Achemwali anamusonyeza khomo. Kuyambira pamenepo m'nyumba mwawo simunalowenso nsapato ya mwamuna, kupatula ya wokonza mapaipi.

Tchimo la Mivi linali ili. Miyezi isanu yapitayo anapita kuchipatalako kukajambula mayendedwe a mapepala. Pamsonkhano, pamaso pa adokotala eni chipatala ndi anamwino onse, analoza dirowa ya achemwali pachithunzi chake n'kunena ndi ulemu wake wonse kuti: “Apa pali dzenje. Zotsatira za magazi zimalowa, koma palibe muvi wotuluka.” Anamwino aang'ono anabisa nkhope m'mafayilo. Adokotala anayang'ana achemwali pamwamba pa magalasi. Achemwali sanayankhe kanthu, ndipo munthu amene sayankha ndi amene amasunga chakukhosi.

Madzulo a Lolemba lomwelo Dinani anawapeza akusita yunifolomu pabalaza. Anazungulira tebulo kawiri, anakonza nsalu ya pa mpando imene inali bwinobwino, kenako anayesa madzi ndi chala.

“Achemwali, bwanji Loweruka nditabwera ndi mlendo?”

“Wa siketi kapena wa thalauza?”

“Wa thalauza.”

Achemwali anaimika simbi. “Wakuntchito kwanu?”

“Eya.”

“Abwere. Kaya ndi wolondera pageti, kaya ndi wophika tiyi, ndimulandira ndi manja awiri. Koma ngati ndi kanyamata kamivi kaja, kakadzangoponda pakhonde pano ndidzakasita ndi simbi yomweyi, kutsogolo ndi kumbuyo.”

“Ndimangofunsa. Sizinapse.”

“Zikapsa undiuze.”

Atapachika yunifolomu, achemwali anatenga foni yawo ndi kabuku kakang'ono ka chikuto chong'ambika n'kukakhala pasitepe ya kuseri, monga amachitira tsiku lililonse dzuwa likapendeka. Zaka zonsezi Dinani ankaganiza kuti amacheza ndi anzawo. Tsikulo, poti mtima unali m'mwamba, anaima pa windo la kukhitchini n'kutchera khutu.

“Amayi, ndine namwino uja. Zotsatira zanu zabwera. Ayi, musaope, khalani pansi kaye. Mwakhala? Mawa mubwere ndi munthu wokuperekezani. Bambo akunyumba musawauze nokha, mubwere nawo ndidzawafotokozere ndine.”

Anadula, anachonga m'kabuku, anayimbanso. Wina anamuseketsa, wina anamukalipira chifukwa chosiya mankhwala, wina anangokhala naye chete pafoni mpaka atamaliza kulira. Anthu sikisi.

Dinani anatuluka n'kukhala pasitepe ya m'munsi.

“Achemwali, anthu amenewa mumawayimbira tsiku lililonse?”

“Nanga pepala lingauze munthu kuti shuga wakwera popanda kumuopseza? Pepala lilibe pakamwa.”

“Ndiye bwanji simunanene pamsonkhano paja?”

“Ine ndizidziteteza kwa mwana wobadwa dzulo?” Anatseka kabuku. “Kadziwe zimene kakudziwa.”

* * *

Lachiwiri masana anakumana pamasitepe a kuseri kwa ofesi, pamene pamadutsa osesa okha. Pali kawindo kakang'ono pamenepo, ndipo dzuwa limalowa ngati mpeni wodula fumbi.

“Munaphonya muvi,” anatero Dinani.

Mivi anamuyang'ana ngati wamuuza kuti anabadwa ndi mchira. “Ine? Pati?”

“Padirowa ya achemwali.”

“Ndinatsatira pepala lililonse m'chipatala muja. Masiku atatu.”

“Vuto lake ndi limenelo. Munatsatira mapepala. Pepala limagona m'dirowa, koma uthenga umatuluka madzulo, pafoni yawo, pasitepe ya kunyumba kwathu. Dzulo ndinawerenga anthu sikisi.”

Mivi anakhala pansi pasitepe pang'onopang'ono, miyendo yaitali ija itapindika ngati mpando wa kumsonkhano.

“Miyezi isanu,” anatero. “Kunyumba kwanu amanditcha ndani?”

“Simungafune kudziwa.”

“Nanga za Loweruka munayesa?”

“Ndinayesa. Kuli simbi ikukudikirani.”

Anaseka pang'ono, kenako kuseka kunathera panjira. “Ndinawanyoza pagulu munthu amene amagwira ntchito ya anthu atatu. Ndipita ndikapepese.”

“Osati pakona. Pamaso pa onse amene anaseka.”

“Pamaso pa onse.”

Dinani anakhala pambali pake. Pansi pamsewu galimoto zinkalira, koma phokosolo linkamveka ngati likuchokera dziko lina. Mivi anatulutsa maka m'thumba la malaya, anatenga dzanja la Dinani, analitembenuza, n'kujambula kamuvi kakang'ono pachikhatho. Nsonga ya maka inali yozizira. Zala zake zinali zotentha.

“Ukuchokera kuti muvi umenewu?” anafunsa Dinani, mawu atatsika okha.

“Kwa ine.”

“Ukupita kuti?”

“Sindinamalize kujambula.”

Masana onsewo Dinani anatayipa ndi dzanja limodzi ndi theka. Popita kukatenga madzi anafumbata chikhatho ngati wagwira kambalame. Sichikugwira, amene anali pamzere womwewo, anayang'ana dzanjalo, anayang'ana bolodi, kenako anabwerera pa desiki yake madzi osatunga.

* * *

Lachitatu anapita onse awiri kuchipatala, Dinani ngati wolemba zokambirana. Chipinda cha msonkhano chinali chomwe chija, mipando ya pulasitiki, kalendala ya kampani ya mankhwala, fungo la sopo wa m'chipatala. Achemwali anakhala kumapeto atapinda manja pachifuwa, nkhope itatsekedwa ndi loko.

Mivi anapachika pepala lalikulu pakhoma. Kenako anatembenukira kwa onse.

“Ndinalakwitsa pagulu, ndiye ndabwera kudzakonza pagulu. Ndinati dirowa iyi ndi dzenje. Ndinanama. Ndinayang'ana mapepala m'malo moyang'ana munthu.”

Anajambula dzira latsopano pambali pa dirowa, lalikulu kuposa ena onse, n'kulembamo kuti: Namwino wamkulu ayimbira wodwala. Kenako muvi wautali wochoka m'dziralo kukafika pabokosi la wodwala.

“Muvi uwu wakhala ukuyenda tsiku lililonse, pafoni yawo, pa nthawi yawo yopuma. Chipatala chino chimayankhula ndi anthu ake kudzera apa. Amayi, pepani.”

Adokotala anavula magalasi.

“Asisitala, zimenezi ndi zoona?”

“Nanga odwala anu mumaganiza kuti amalota kuti abwerenso?” anayankha achemwali.

Adokotala anatsokomola, n'kulamula pomwepo kuti chipatala chigule foni ya ntchitoyo, ndiponso kuti pakompyuta ya namwino wamkulu payikidwe batani lakelake losonyeza anthu oyenera kuyimbiridwa. Mivi analemba nambala padzira latsopanolo: satini.

Achemwali anatembenukira kwa anamwino aang'ono aja. “Mwamva nonse, kapena abwereze?”

Onse anamva.

Potuluka, achemwali anaima pakhomo kutsekereza Mivi. Anamuyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu, ulendo wautali ndithu, kenako maso anaima pa zala.

“Manja amenewo mumadyera?”

“Inki yake sichoka msanga, amayi.”

“Sichoka kwa osadziwa.” Analowa m'kachipinda kawo, anatuluka ndi thonje lonyowetsa ndi mankhwala opukutira, anagwira dzanja la Mivi ngati la wodwala n'kupukuta chala chimodzichimodzi mpaka zonse zinayera mbee. “Mwaona? Musamayende ngati mulibe kwanu.”

Madzulo ake kunyumba, ali pakati posenda lalanje, achemwali anayankhula osadzutsa mutu.

“Bambo amivi aja ali ndi ulemu.”

Dinani anangoti “mm.” Kanyamata kaja kanali katakwezedwa udindo.

Lachinayi lonse analemba tsamba la dzira satini, ndipo sanalembepo tsamba mokoma chotero. “Dinani apa kuti muone anthu amene akudikira mawu anu lero.” Analisunga pa nambala yake, n'kupita kwawo akuyenda ngati pansi payalidwa matiresi.

* * *

Lachisanu linali tsiku lotumiza pulogalamu yatsopano kuchipatala. M'mawa Mivi anadutsa pa desiki ya Dinani ngati akufuna stepula.

“Ndalemba china mu seveni,” ananong'ona. “Musatsegule kuno. Mukawerenge mukafika kunyumba.”

“Bwanji?”

“Mukawerenga ndili pompano ndigwa pansi, ndipo ndine wamtali.”

Anatenga stepula imene sankaifuna n'kubwerera kubolodi.

Tsopano mnzanga, pali zimene Dinani sanazione, koma iwe uyenera kuzidziwa. Sichikugwira anali atazindikira kalekale kuti pali tsamba lopanda mwini limene deti lake limasintha tsiku lililonse. Tsamba lakufa silisintha deti. Masana amenewo, anzake atapita kukadya, analitsegula. Anawerenga mpaka pansi. Kenako anadzola milomo n'kukagogoda kwa bwana.

“Bwana, batani latsopano lija talipatsa satini, chonsecho seveni ili pululu. Manambala akudumpha ngati mano a nkhalamba. Tsamba la seveni lilipo kale, ndingolumikiza?”

Bwana anali ndi mafoni awiri m'makutu. Anagwedeza mutu osamva n'komwe.

Bolodi sanaikhudze. Pabolodi dzira lija linakhalabe satini, loyera, losalakwa. Anangosintha m'kompyuta, kamuvi kamodzi kosaoneka, kuchoka pa batani la namwino wamkulu kukalowa m'nyumba ija yopanda njira. Thu koloko pulogalamu inapita.

* * *

M'basi yobwerera kunyumba Dinani anapeza mpando wa pa windo. Foni inali m'chikwama, seveni ali m'kati mwake, ndipo iye anaika manja onse awiri pachikwamapo ngati muli mazira enieni. Sanatsegule. Lonjezo ndi lonjezo, komanso kudikira kunali kokoma.

Mzinda unkadutsa pa windo ngati chithunzi cha Mivi. Amayi ogulitsa maluwa pamphambano anali bokosi, mnyamata wa njinga yonyamula makatoni anali muvi, nyumba zazitali zinali mazira oimirira, aliyense ali ndi kochokera ndi kopita. Anaganiza za katebulo kopendama. Anaganiza zoti adzakayika pafupi ndi windo, ndipo mwendo waufupiwo sadzaukonza, azidzangosintha pepala Lamlungu lililonse. Anaganiza za achemwali atakhala pampando wabwino, akudandaula kuti tiyi wachepa shuga, akupukuta zala za mlamu wawo ndi thonje. Kondakitala anamufunsa kawiri kumene akutsikira.

Potsika anali atamanga mfundo. Lero awauza. Ayamba ndi kuti, “Achemwali, zija zapsa.” Kenako akalowa kuchipinda kukawerenga kalata yake mtima uli m'malo.

Ali pageti anamva wailesi. M'nyumba mwawo wailesi imayatsidwa pa nkhani zokha, koma iyi inali nyimbo, ndipo wina ankaitsatira ndi mawu okhwima pang'ono ngati chitseko chimene sichinatsegulidwe nthawi yaitali. Mawindo onse anali otsegula. Makatani ankavina.

Achemwali anali pabalaza, tsitsi atalimasula. Dinani anali asanalione lomasula masana chiyambire sukulu ya sekondale. Pasofa panali madiresi atatu, ena mwa iwo akununkha m'sutikesi.

“Wabwera? Tseka chitseko. Khala apa.”

“Kwagwanji?”

“Khala kaye iwe.” Anaseka, kuseka kwa mtsikana, kenako anagwira pakamwa ngati kwawapulumuka. “Batani langa lija labwera. Ndinati ndione mawu amene mng'ono wanga wandilembera, ndinadina kafunso kaja. Taona zimene zinatuluka. Ndinajambula.”

Anamupatsa foni. Pachithunzipo panali sikirini ya kompyuta ya kuchipatala, ndipo pakona yakumwamba, kakang'ono ngati nyerere, panali nambala seveni.

“Inu amene mwatsegula tsamba lino. Tsiku loyamba limene ndinakuonani ndinachita mantha, ndipo munthu wamantha amajambula zokhota. Sabata ino mwandiphunzitsa kuti zinthu zofunika kwambiri siziyenda papepala, zimatuluka pakamwa. Ndiye ndasiya kubisala kuseri kwa bolodi. Tsiku lonse mumafotokozera anthu osokonezeka mofatsa, mmodzimmodzi, ndipo palibe amakufunsani ngati mwatopa. Ine ndikufuna ndikhale wofunsayo, lero ndi masiku onse. Mawa Loweruka ndibwera kunyumba kwanu ndidzanene ndi pakamwa panga. Wanu wa zala za buluu.”

Tsamba loyima palokha. Lopanda dzina, lopanda “monga tanenera kale,” loyankhula ndi wolitsegula ngati padziko watsala yekha. Mivi anali wophunzira wabwino kwambiri amene Dinani anaphunzitsapo.

“Poyamba ndinakwiya,” ankatero achemwali, akuyendayenda pabalaza. “Ndinati mwana ameneyu akundiseka. Ndinapita pakompyuta ya wolandira alendo, palibe. Ya adokotala, palibe. Ndinafunsa ngati batani limeneli lili kwina, anati ayi, lili kwa inu nokha, anakupangirani inuyo. Ndiye ndinakhala pansi. Ndinawerenganso. Odwala awiri ndinawayeza kutentha kawiri aliyense.”

“Achemwali...”

“Ndikudziwa, ndikudziwa. Ndi wamng'ono kwa ine. Zaka eyiti, mwina naini. Anthu adzayankhula. Ayankhule, pakamwa ndi pawo.” Anaima pagalasi la pakhoma n'kugwira tsaya lawo ngati akulonjera munthu amene anasowa. “Zaka seventini, mng'ono wanga. Sindikudandaula, zikanakhala kuti wabadwanso ndikanakuleranso. Koma zaka seventini palibe anandifunsapo ngati ndatopa.”

Mawu aja anali pompo, “zija zapsa,” anali pansonga penipeni pa lilime la Dinani, koma anakana kudumpha.

Achemwali anatembenuka mwadzidzidzi n'kumuloza chala, maso akuseka.

“Ndipo iwe ndiwe kambala. Lolemba lija, ‘bwanji nditabwera ndi mlendo wa thalauza.’ Anakutuma eti? Umayesa madzi m'malo mwake, ine n'kumalalata za simbi. Unamuuza za simbi?”

“Ndinamuuza.”

“Mayo ine.” Anabisa nkhope m'manja. “Ndipo akubwerabe. Waona mwamuna wolimba mtima?”

Foni ya Dinani inanjenjemera m'chikwama. Anaisuzumira pansi pa tebulo. Mauthenga anali awiri. Woyamba wa Sichikugwira: “Ndayesa masamba onse asisi. Zonse zikugwira bwinobwino.” Wachiwiri wa Mivi: “Mwafika? Mwawerenga? Ndagula malaya atsopano. Ndifike nthawi yanji?”

Anatembenuza foni chafufumimba.

Achemwali anali atanyamula diresi lobiriwira, analiyika pachifuwa, analibweza, anatenga la maluwa. Kenako anasiya onse, anapita pashelefu n'kubwera ndi kabuku kawo ka chikuto chong'ambika. Anatsegula tsamba loyera la kumapeto, analisalaza ndi chikhatho, n'kuliyika pamaondo pa Dinani pamodzi ndi cholembera.

“Munthu sangabwere osayankhidwa, angaganize kuti sindinaleredwe. Koma ine mawu anga ndi a jakisoni, ndikalemba ndekha athawa. Iwe ndiwe wodziwa kulemba. Undilembere yankho. Lisaoneke ngati ndathamangira, koma lisamuopsezenso.” Anakhala pambali pake, anatsamiritsa mutu paphewa la mng'ono wawo monga Dinani ankachitira ali mwana, n'kutseka maso. “Ungomuuza kuti chitseko chikhala chotsegula. Yamba, ndikumvetsera.”

Dinani anachotsa chivindikiro cha cholembera.

Ndiye mnzanga, cholembera chija ndakupatsa iwe. Mutu wa achemwali uli paphewa lako, foni ikunjenjemeranso pansi pa tebulo, malaya agulidwa kale. Mzere woyamba ulemba chiyani? Usandiuze kuti “ndikanangonena zoona,” aliyense ndi wolimba mtima pa nkhani ya eni ake. Lemba kalatayo pansipa, mawu ake enieni, tione ngati uimaliza.